Ukawaitane ndi Dzina Lawo

Ntaja,
Lachiwiri madzulo

Wokondedwa mwana wanga Zione,

Moni ndikupatsa kutsogoloku. Ndiyambe ndi zimene ziyenera kukonzeka musanafike pa Nayuchi, chifukwa ndikaziika kumapeto udzakhala utatopa nane. Choyamba, pasipoti yako ikhale m'chikwama chako, ya a Limbani ikhale m'chikwama chawo. Chachiwiri, akakudindirani potuluka kuno kwathu ndiponso polowa ku Mozambiki, utsegule wekha uone chidindocho usanachoke pa windo. Chachitatu, dzina la nyumba ya alendo imene mukagone ku Cuamba ndi ya ku Nampula ulembe papepala ndi dzanja lako, ulipinde, uliike malo amene sungavule panjira. Foni imatha moto, ndipo imabedwa. Chachinayi, m'kathumba kamene bambo ako akupatse pamodzi ndi kalatayi muli mankhwala a malungo, a m'mimba ndi a mutu. Ndalemba kamwedwe kake pa bokosi lililonse, ngakhale ndikudziwa kuti umatha kuwerenga. Chachisanu, apongozi ako kwa Kalembo uwaimbire wekha kuwatsazika. Amva kale kwa mwana wawo, inde, koma mawu ako sanawamve.

Tsopano moni. Ife kuno tili bwino. Ndikanakonda kubwera ndekha pa siteshoni ya Liwonde mawa sitima yanu ikamadutsa, koma ndili pa ntchito ku wodi ya amayi ndipo palibe wondilowera. Bambo ako ndiwo abwere. Akakupatsa kalatayi usaiike m'chikwama kuti udzawerenga ku nyanja. Uiwerenge m'sitima momwemo, mukadali m'dziko lino.

Ndikufuna udziwe kaye kuti ndine wokondwa. Dzulo ku ntchito a Asiyatu, anamwino anzanga aja, anandifunsa kuti, "Ana anu ku Mozambiki akukaoda chiyani?" Ndinati sakukaoda kanthu. "Ndiye kwagwa maliro?" Ndinati iyayi, akungopita kukaona nyanja yamchere, awiriwiri, okha. Anati, "Kungoona basi? Mashallah, mwalera." Ndinapita m'chipinda cha mankhwala ndi kutseka chitseko kuti anthu asandione ndikupukuta m'maso. Anthu a kuno timawoloka malire chifukwa cha njala, matenda kapena geni. Iwe ukuwoloka chifukwa wafuna, ndi mwamuna amene unasankha wekha. Ndikuthokoza Mulungu pa chimenechi, ndipo ndikuthokoza a Limbani, amene chikwatireni sindinawamvepo akukukwezera mawu.

Koma Lamulungu lija tinabwera kwanu ku Balaka ndinabwerako ndi kanthu pamtima. Ndinakufunsa kuti ku Nampula mukagona kuti. Unati, "Akudziwa ndi awa." Ndinafunsa tsiku limene sitima ya ku Cuamba imanyamuka. Unati, "Awa afufuza zonse, amayi." Nanga pasipoti? "Asunga ndi awa." A Limbani anaseka nati, "Amayi, musade nkhawa, Zione ndimunyamula ngati dzira." Bambo ako, mmene umawadziwira, anati, "Apongozi, m'sitima chimene chimayamba kusweka ndi mazira." Tonse tinaseka, ine ndinaseka nawo. Koma potiperekeza ku depoti ndinaona kuti amuna ako ali patsogolo ndi bambo ako, iwe uli pambuyo, ndipo tsiku lonselo sindinakumve ukutchula dzina lawo ngakhale kamodzi. Iwe Zione, amene unkakangana ndi makondakitala uli ku sekondale, amene unapita wekha ku koleji osandilola kukuperekeza. Ndinadziona ndekha mwa iwe, ndipo ndi chifukwa chake ndikulemba. Ndikuopa kuti ukupita ku dziko la eni osadziwa kanthu pa ulendo wako womwe.

Ine ndi bambo ako tinayendapo njira yomweyo, usanabadwe. Nkhondo ya kumeneko inali itatha, ifenso tinali titangokwatirana, ine nditangomaliza maphunziro a unamwino. Bambo ako ankafuna kukaona kumapiri kumene agogo awo a Chilomwe anachokera. Panalibe wotiperekeza, panalibe gulu la mpingo, tinali awiri ngati inu. Nkhaniyi unaimvapo zidutswa, bambo ako akamasekera alendo. Lero uimve kwa ine.

Kulakwitsa kwanga koyamba kunachitika pa malire pomwepo. Mapepala onse ndinawapatsa bambo ako tisanachoke pakhomo, ndipo ndinamva bwino mumtima, ngati ndachita za mkazi wolangizidwa. Pa windo, wa ofesi wodinda mapepala anandiyang'ana ineyo nandifunsa kuti ndikupita kuti. Ndinatembenukira kwa bambo ako. Iye anati, "Mayi, ndafunsa inu. Awo ndawafunsa kale." Ndinati, "Komwe akupita awa." Anaseka mpaka anaitana mnzake kuti adzamve. "Nanga awa akamapita kundende?" Anatidindira, tinadutsa, ndipo ine ndinangoti munthu wachipongwe. Sindinaphunzirepo kanthu. Iwe akakufunsa pa Nayuchi, uyankhe wekha, ndi dzina la tawuni, ndi dzina la kumene ukagone, ndi tsiku lobwerera.

Kulakwitsa kwachiwiri ndiko kwakukulu. Tinafika pa siteshoni ya Cuamba masana, dzuwa lili pamutu. Anthu anali ngati pa msika wa Ntaja tsiku lake, koma chiyankhulo china. Matumba a anyezi, njinga, nkhuku, aliyense akukankha mnzake. Bambo ako anali patsogolo ndi chikwama cha mapepala, ine pambuyo ndi dengu pamutu, monga timayendera popita ku tchalitchi kumudzi. Kumudzi kuyenda kotero kulibe vuto, njira ndi imodzi ndipo aliyense amadziwa kuti ndiwe mkazi wa yani. Pamenepo munthu wina anandiponda nsapato, lamba n'kuduka. Ndinatula dengu, ndinawerama. Podzuka ndinaona malaya a buluu a bambo ako ali pafupi ndi geti, akupitabe, osadziwa kuti kumbuyo kulibe munthu.

Ndinaitana. Ndinati, "Inu!" Sanacheuke. Ndinakweza, "Inu! Inu apo!" Anacheuka bambo wina wonyamula matabwa. Ndinati, "Abambo!" Anacheuka abambo a eni. Zione, malaya aja ndinkawaona ndithu, sanali patali. Dzina lawo linali pa lilime langa. Koma masabata ochepa m'mbuyomo azakhali anga a Nachisale, pondilangiza za banja, anali atandigwira khutu n'kundiuza kuti dzina la mwamuna silifuulidwa pagulu, si mwana woti ukumutuma ku chigayo. Mwana tinalibe woti ndinene kuti bambo a uje. Ndinatsala ndi "inu" yekhayo, ndipo "inu" pa siteshoni ndi munthu aliyense. Ndikulimbana ndi manyazi, malaya a buluu analowa m'gulu.

Ndinakhala pa dengu langa pafupi ndi khoma. Ndinayamba kudzifunsa zimene ndikudziwa. Kumene tikagone sindinkakudziwa. Dzina la mudzi umene tinkapita sindinkalidziwa, ndinkangoti kumapiri. Ndinalibe pepala lililonse losonyeza kuti ndine yani, ndinalibe ngakhale yogulira madzi. Chipwitikizi sindinkachimva. Ine amene ndinkatha kupeza mtsempha pa dzanja la khanda, ndinali pamenepo ngati katundu woiwalika. Dzuwa linayamba kupendeka, anthu anayamba kuchepa, ndipo ndinalira.

Anandipulumutsa ndi mayi wina wogulitsa mtedza wophika. Anandiyankhula zingapo zimene sindinamve, kenaka anayesa Chiyao, ndipo Chiyao changa cha kumsika chinandigwira ntchito tsiku limenelo. Nditafotokoza anandifunsa, "Amuna akowo alibe dzina?" Ndinati ali nalo. "Ndani?" Ndinanong'ona. Anati, "Ukuuza ine kapena nyerere?" Ndinati, "Fabiano." Mayiyo anakwera pa thumba la mnzake wogulitsa makala, anaika manja pakamwa, nafuula dzina la bambo ako mpaka agalu anauwa. Kumeneko dzina limeneli si lachilendo. Panabwera mkulu wina wopanda mano a kutsogolo. "Ndi awa?" Ndinati iyayi. Panabwera wina akukankha njinga. "Nanga awa?" Ndinati iyayi. Anati, "Tenga awa, ali ndi njinga." Ndinaseka misozi ikadali m'masaya. Amayi anzake a m'mbali mwa msewu analandira dzinalo, wina kupatsira wina, kutsika nalo mpaka kumsika. Bambo ako anali kumeneko, akufunsa anthu m'Chilomwe chawo chothyokathyoka ngati aona mkazi wamfupi wa dengu. Anabwera akuthamanga, malaya atanyowa ngati agwera m'madzi. Mayi uja anawalalatira kuti mkazi si ngolo yoti izingotsatira ng'ombe. Kenaka anatembenukira kwa ine nati, "Iwenso, dzina ulisunga kuti udzalidye?"

Mayi ameneyu dzina lake sindinamufunse. Ndimamupempherera mpaka lero popanda dzina. Mukadzadutsa pa siteshoni imeneyo, ugule mtedza kwa aliyense amene akugulitsa, usanenerere mtengo.

Ndiye ndikukupempha, mwana wanga. Mukatsika m'sitima, muziyenda moyandikana, phewa ndi phewa. Pakakhala gulu mugwirane manja, palibe wa kwa Kalembo amene akakuoneni. Mugwirizane musanalowe pamalo alionse a anthu ambiri kuti mukasowana mukumane pati, ndipo wosowayo aime pamenepo osayendayenda. Ndipo ukaona msana wa amuna ako ukutalikira, uitane kuti Limbani. Osati awa, osati inu. Limbani, mokweza, ngati mmene unkaitanira mlongo wako akatenga njinga yako. Ngati pakamwa pakulemera, uyambe kuyesera m'sitima momwemo. Adzaseka, ndikuwadziwa, koma uwauze kuti ndatero ndine.

Usamve ngati ndikunyoza amene anakulangiza. Ena mwa iwo ndinawaitana ndine, ndipo zambiri zimene anakuuza ndi zabwino. Pamaso pa apongozi ako uzinena "awa" mmene ukufunira, ine ndidzakondwa. Ngakhale ine pakhomo pano ndimati bambo a Zione, dzina lawo ndimalitulutsa akasiya mpopi osatseka. Koma malangizo aja anapangidwira pamudzi, pomwe ukasochera mwana aliyense akhoza kukulozera kwanu. Amene anakulangizawo ambiri sanaimepo pa siteshoni ya dziko la eni.

Kulakwitsa kwachitatu kunabwera titapezana. M'malo mothokoza, ndinanyanyala. Ndinkaona kuti wolakwa ndi bambo ako chifukwa sanacheuke, iwo ankaona kuti wolakwa ndine chifukwa sindinaitane. Tinakwera lole yopita kumapiri, ine kuyang'ana uku, iwo uko. Akandifunsa ngati ndili ndi njala ndinkati, "Chabwino." Akandilozera phiri ndinkati, "Ndaliona." Kwathu ndikanadikira ankhoswe kuti adzatikhazike pansi, ndipo mumtima ndinkakonza kale zodzawauza. Koma ankhoswe anali ku Machinga, ife tili pa lole. Pomaliza bambo ako anati, "Rozina, malume ako ali kutali. Ngati pali mlandu, woweruza ndi woyendetsa loleyu, ndipo Chichewa sakumva." Ndinayesetsa kuti ndisaseke, ndinalephera. Mapiri amene anthu amawatama aja, a kumayambiriro kwa njirayo, sindikuwakumbukira. Ndikukumbukira tayala la sipeya limene ndinaliyang'ana njira yonse. Inunso mudzayambana, chifukwa kutopa, njala ndi kutentha zimayambanitsa ngakhale oyera mtima. Iwe umanyanyala ngati ine, usakane. Ukakwiya unene chimene chakukwiyitsa tsiku lomwelo. Masiku anu ndi ochepa, ndipo munawasungira nthawi yaitali.

Pali kena kakang'ono kamene ndimachita nako manyazi mpaka pano. Titafika kumudzi kuja tinapeza asuweni a bambo ako, anthu amene anali asanatione n'kale lonse. Anatiphera nkhuku, anatipatsa madzi m'chikho. Ine ndinafunsa ngati madziwo anali owiritsa. Bambo ako anandiponda phazi, koma mawu anali atatuluka. Mayi wa pakhomopo anangopita kukasonkha moto, ife tonse n'kudikira madzi a mlendo wophunzira. Madzi uzisamala nawo, inde, ndine namwino ndipo sindisintha. Koma pali njira yochitira popanda kuchititsa munthu manyazi pakhomo pake. Ndipo usatenge mantha anga onse. Ndakupatsa mankhwala, osati kuti uzikana chilichonse. Nsomba za m'nyanja yamchere ukadye, ndi zina zija za zigoba zimene a Limbani amationetsa pa foni, bola zikhale zotentha. Udzandiuze kukoma kwake, ine sindinafikeko.

Chomaliza ndicho ndikufuna ukumbukire kuposa zonse, chifukwa mwina ukuganiza kuti zonsezi ndikunena posakhulupirira amuna ako. Iyayi. Pobwerera, tili m'njira ya ku malire, bambo ako anayamba kunjenjemera. Anali malungo, ndipo anawagwira mwamphamvu. Pofika pa ofesi ya malire sankatha kuima nthawi yaitali, maso ali ofiira, akuyankha zosagwirizana ndi funso. Anavula chikwama cha mapepala chija n'kundikoleka m'khosi, nati, "Rozina, tsogola." Ndinawakhazika pamthunzi, ndinaima pamzere ndekha, ndinayankha mafunso a tonse awiri, ndinakangana ndi munthu amene ankafuna kutilanda malo okhala m'sitima. Ndinatha chifukwa chichokereni ku Cuamba ndinali nditayamba kufunsa chilichonse: tili pati, tikwera chiyani, pepala ili ndi la chiyani. Akanadwala popita, ine ndikadali wa "komwe akupita awa", sindikudziwa kuti tikanatani. Titafika ku Liwonde, atapezako bwino, anandiuza kuti pa ulendo wonse nthawi imene anapuma mumtima ndi pamene anandiona ndili pamzere paja. Ulendo wonse anali atasenza mantha a anthu awiri yekha, osandiuza.

A Limbani nawonso ndi mwana wa munthu. Sanapiteko kumeneko, Chipwitikizi chawo ndi cha pa foni, ndipo ndikukhulupirira kuti ali ndi mantha amene sangakuuze chifukwa iwe wawapanga kukhala odziwa zonse. Uwafunse akuonetse njira yonse, kuyambira pa Nayuchi mpaka kunyanja ndi kubwerera. Nambala za kumene mukagone zikhale m'mafoni onse awiri. Ndalama musaike m'thumba limodzi. Tsiku lina uwauze kuti lero ndikutsogolera ndine, iwo angoyang'ana malo. Umenewonso ndi ulemu.

Bambo ako akundiyang'ana apa ndikulemba. Akuti, "Mwanayo akupita milungu iwiri, osati kunkhondo. Mukulemba buku?" Ndawauza kuti akhale chete, nkhani yake ndi ya iwo omwe. Akuti ndikuuze kuti ku Cuamba wolakwa ndinali ine, ndipo kuti mkulu wa njinga uja akanandibweza tsiku lomwelo. Akutinso uwagulire chipewa.

Ndikuthokoza kuti unatiuza za ulendowu poyera, osatibisira poopa kuti amayi ayamba nkhawa zawo. Unadziwa kuti ndiyamba, ndipo unandiuzabe. Ndikuthokoza kuti Lamulungu lija unandilola kufunsa mafunso anga onse osandidula, ngakhale ndinaona a Limbani akukutsinzinira diso. Unali mwana wosavuta kulera, Zione, kupatula pakamwa, ndipo pakamwa pomwepo ndi pamene ndikudalira tsopano. Mulungu akutsogolereni nonse awiri, akupatseni anthu abwino panjira ngati amene anatipatsa ife, akubwezeni muli athanzi ndiponso mukuyankhulana.

Ukamaliza kuwerenga undiyankhe msanga, musanawoloke, chifukwa kutsidyako foni yako idzakhala chete mpaka mutapeza simu ya kumeneko, ndipo ine ku wodi ndikhala ndikusuzumira m'thumba la yunifolomu. Sindikufuna zambiri. Undiuze kumene mukagone mawa, ndi kumene mukagone mkuja. Koma uyankhe iweyo, pa foni yako, ndi mawu ako. A Limbani amalemba bwino ndipo ndimawakonda, koma amene ndinabala ndiwe.

Ndine mayi ako,
Rozina